Kuchoka ku Mzimba Kukajambula Sitima: Nzeru Kapena Kutaya Ndalama?

Nkhaniyi inabuka pamaliro. Tinali kumudzi kwathu kufupi ndi Embangweni, usiku wa mu June, chisanu chikulowa m'mafupa, amuna titazungulira chitsa cha moto panja pomwe azimayi ankaimba kusiwa. Mng'ono wanga, yemwe amaphunzitsa pasukulu ina pa boma la Mzimba, anatulutsa foni n'kuyamba kutionetsa zithunzi za sitima zomwe anazipeza pa Facebook. Anati sukulu zikangotsekera, iye ndi anzake atatu asonkherana za mafuta, abwereka galimoto, ulendo wa ku Balaka ndi Liwonde. Wina anafunsa ngati kuli ukwati. Kunalibe ukwati, kunalibe wodwala, kunalibenso katundu wokapikula. Akukaona sitima, kuijambula, n'kubwerera.

Asibweni, monga timawatchulira amalume kwathu kuno, anaseka mpaka kutsokomola, kuiwala kuti tili pamaliro. "Iwe mwana wa mlongo wanga," anatero, "sitimayo idakukongola zingati kuti uyambe kuilondola?" Mtsutso unayambira pomwepo ndipo unafika m'bandakucha. Ine ndinkangosonkhezera moto, koma kuchokera tsiku limenelo nkhaniyi sinandichoke m'mutu, chifukwa mbali zonse ziwiri zinali ndi mfundo zomwe sindingazikankhire kumbali.

Ndiyambe ndi za asibweni ndi omwe anali kumbali yawo, poti ndiwo anali ambiri. Mfundo yawo yoyamba inali mtunda. M'boma lonse la Mzimba, lomwe ndi lalikulu kuposa maboma onse m'Malawi, mulibe njanji ngakhale mkono umodzi. M'chigawo chonse cha kumpoto mulibe. Munthu wochoka pa boma ayenera kutsika ndi M1, kudutsa pa Jenda, Nkhamenya, Kasungu, Madisi, Mponela ndi Lumbadzi, makilomita oposa 250, kuti akaone chitsulo choyamba cha njanji pa Kanengo ku Lilongwe. Ndipo kuona njanji sikuona sitima. Pa Kanengo ukhoza kukhala tsiku lathunthu ukungoona mbuzi zikudya udzu m'mbali mwa njanjimo. Ukafuna kudzera ku Zambia, kutulukira ku Lundazi n'kutsetserekera ku Chipata, ukapeza njanji yochokera ku Mchinji yomwe anaitsegula mu 2010, koma kumenekonso sitima sizipitapita. Kumpoto kuli TAZARA, njanji ya makilomita 1,860 yomwe anthu a ku China anamanga kuchokera ku Dar es Salaam kukafika ku Kapiri Mposhi, koma kuti uipeze pa Mbeya ndiye kuti wadutsa Mzuzu, watsika Chiweta, wapyola Karonga, wadinditsa pasipoti pa Songwe. Komwe sitima zimayenda tsiku ndi tsiku ndi ku Nkaya, Liwonde ndi Nayuchi, ndipo kumeneko ndi makilomita ena oposa 200 kupitirira Lilongwe. Kupita ndi kubwera, mtunda wonse uyandikira makilomita 1,000.

Tsono werengani mafuta a mtunda wotere m'dziko lomwe ndalama yake inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu November 2023, ndipo mizere ya pamalo omwetsera mafuta tinaizolowera ngati nyengo ya chaka. Munthu wina pamotopo anawerengera mokweza kuti ndalama imeneyo ikhoza kugula matumba angati a feteleza, ndipo mng'ono wanga anangoti zii. August ndi mwezi womwe mlimi wanzeru amayamba kusunga za feteleza, ndiponso fizi ya teremu yoyamba imakhala ili pakhomo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, anatero asibweni. Wa ku Liwonde ndi wa mphepo.

Panalinso nkhawa ya chitetezo, yomwe ndingoidutsa mwachangu poti ndi yodziwikiratu. Anyamata anayi achilendo, olankhula Chitumbuka, ataima pafupi ndi mlatho wa njanji ndi makamera m'dera lomwe anthu amaba zitsulo za njanji, mlonda sangawaone ngati alendo odzasangalala. Ndipo sitima yolemedwa siima msanga ngati minibasi. Wofuna chithunzi chokongola akaponda pakati pa njanji, woyendetsa angathe kungoliza huta basi.

Koma mfundo yomwe inandigwira mtima sinali ya ndalama. Anainena mkulu wina wopuma pantchito ya uphunzitsi, yemwe sanalankhule usiku wonse mpaka nthawi imeneyo. Anafunsa kuti, sitima imene mukukaijambulayo ndi ya yani? Sitima zazitali zija, za mabogi oposa 100, zimanyamula malasha kuchokera ku Moatize m'chigawo cha Tete kupita kudoko la Nacala. Zimangodutsa m'Malawi chifukwa ndiko kwachidule. Njanji yatsopano yodzera ku Chikwawa, Mwanza ndi Neno kukalumikiza pa Nkaya inamangidwa ndi kampani ya Vale ya ku Brazil, yomwe mu 2022 inagulitsa migodi ndi njanjiyo kwa kampani ya Vulcan. Mwa mabogi onsewo palibe limodzi lonyamula tomato wa pa Jenda, yemwe amaolera m'madengu m'mbali mwa msewu chaka ndi chaka. Kupita kukasirira sitima yotere, anatero mkuluyo, kuli ngati munthu wa njala kuyenda ulendo wa tsiku lonse kukajambula nkhokwe ya mwini.

Mkuluyo ankadziwa mbiri, ndipo mbiriyo ili kumbali yake. Njanji ya dziko lino sinamangidwe poganizira anthu onse. Inayambira kumunsi kwa Shire n'kufika ku Blantyre mu 1908 kuti itulutse zokolola za m'minda ya azungu a kumapiri a kumwera. Mu 1935 anamaliza mlatho wa Dona Ana pa Zambezi, wa makilomita oposa atatu ndi theka, ndipo chaka chomwecho njanji inafika ku Salima. Apo inaima kwa zaka zoposa 40. Kumpoto anakusiyira sitima za panyanja, n'chifukwa chake mpaka lero munthu wa ku Nkhata Bay ukamuuza za sitima amaganiza za Ilala, ndipo inayo timachita kuiwonjezera dzina kuti ya pamtunda. Katswiri wa mbiri Leroy Vail analemba mu 1975 kuti ngongole za njanji ndi mlatho umenewu ndizo zinathandiza kusaukitsa Nyasaland, poti ndalama za boma zinkathera kubweza ngongole m'malo momanga misewu ndi zipatala. Ngati zili choncho, ndiye kuti msonkho womwe agogo athu a ku Mabiri ndi Emfeni ankakhoma unalipira nawo njanji yomwe sinawayandikire n'komwe. Boma la Kamuzu linamanga ya Nkaya kupita ku Nayuchi mu 1970, ya Salima kufika ku Lilongwe mu 1979, kenako linakhotera kumadzulo, ku Mchinji. Kumpoto ayi. Za njanji yodzafika kuno timazimva nthawi ya kampeni, limodzi ndi za msewu wa Jenda kupita ku Edingeni womwe unatenga zaka zosawerengeka ukukambidwa.

Mkulu uja anawonjezeranso kuti chizolowezi cholondola sitimachi n'chobwereka. Ku Britain chinakula chifukwa mnyamata ankangoyenda wapansi kufika pasiteshoni ya kwawo, sitima zikudutsa motsatizana. Mu 1942 Ian Allan anasindikiza kabuku kokhala ndi manambala a mainjini, ana n'kumachonga iliyonse yomwe aiona. Kumeneko chinali chisangalalo cha mwana wosauka, chosalira ndalama. Kuno chikusanduka cha munthu wokhala ndi galimoto.

Apa ndinkaganiza kuti mng'ono wanga wagonja. Koma anatembenukira kwa asibweni n'kufunsa mwaulemu kuti, "Asibweni, inu sitima munayamba kuiona kuti?"

Funso limeneli ndilo linatembenuza usiku wonse. Asibweni anapita kumigodi ya ku Joni pa Wenela kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, ndipo nkhani yawo tonse tinaimvapo, koma sitinaimvepo motere. Anati iwo sitima ya ku Malawi sanaikwerepo mpaka lero. Anawanyamula pa ndege kukawatula ku Francistown ku Botswana, ndipo kumeneko ndiko anaona chinthucho koyamba. Anafotokoza momwe nthaka inkanjenjemerera chisanatulukire, momwe mnzawo wa ku Khosolo anathawira kukabisala kuseri kwa chimbudzi, mabenchi a matabwa, buledi wouma yemwe anawagawira, ndi kuzizira kwa usiku pomwe sitima inkalowera kumwera. Anatchula masiteshoni motsatana ngati akuwerenga mayina a ana awo. Bambo awo, anatero, anapita kale iwo asanabadwe, wapansi mbali ina, mbali ina pa malole a Ulere omwe boma la Southern Rhodesia linkanyamulira antchito mwaulere, ndipo pobwera anadzera pasitima ya ku Beira, kuoloka Zambezi pamlatho uja. Ena a m'mudzi mwathu anakwera sitima zomwezo osabweranso. Ndiwo matchona aja omwe mayina awo timangowatchula pogawa minda. Ulendo wa Wenela unadzaduka ndege itagwa ku Francistown mu April 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kuletsa kulemba anthu a kumigodi.

Munthu yemwe ankaseka za ngongole ya sitima uja analankhula pafupifupi ola lathunthu, moto mpaka kuzilala. Ndipo mfundo ya mng'ono wanga inali itadzinena yokha. Boma lopanda njanjili ndi limodzi mwa maboma omwe sitima inawaumba kwambiri. Malata a nyumba zakale za kwathu, makina osokera, njinga, ng'ombe za malobolo, zambiri zinabwera ndi anthu omwe sitima inawatenga n'kuwabweza. Hugh Masekela poimba nyimbo yake ya Stimela, yonena za sitima yonyamula anthu a kumigodi, anatchulamo Malawi, ndipo mwa Amalawi amenewo a ku Mzimba sanali ochepa. Lero anyamata athu akupitabe ku Joni, kungoti pa basi ndi pa mathiraki. Tsono kunena kuti sitima ndi chinthu chachilendo kwa munthu wa ku Mzimba sikoona. Chachilendo n'choti mdzukulu wa anthu amenewa akhoza kufika Fomu 4 asanaionepo ndi maso.

Pamenepa mng'ono wanga ankalankhula ngati mphunzitsi. Chaka chilichonse amaphunzitsa za mayendedwe ndi mtengatenga, amajambula njanji pabolodi ndi choko, ana n'kuloweza kuti Nacala, Beira, Nkaya. Iye mwini sitima yoyenda anaiona kamodzi kokha, pawindo la basi, ikuthera kuseri kwa mitengo. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Ankafuna kuti akaime pafupi, awerenge mabogi, amve phokoso lake, abwere ndi zithunzi ndi kanema zojambula yekha zoti ana akafunsa kuti kodi ndi yaitali bwanji, ayankhe zomwe anaona.

Za ndalama anayankha mwachidule, ndipo ndikuona kuti anakhoza. Bullets ikamasewera ndi Wanderers pa Bingu National Stadium, anyamata a pa boma amadzaza minibasi kupita ku Lilongwe, kukagona panja, kubwera mawu atasasa, ndipo palibe amawawerengera matumba a feteleza. Mwezi wa August womwewo anthu amachoka ku Blantyre ngakhale ku Joni kudzavina ingoma ku Umthetho paphiri la Hora. Timavomereza kuti munthu sakhalira nsima yokha, koma timafuna kuti chomwe akusangalala nacho chikhale chomwe tonse tinachizolowera. Wokonda mpira timamumvetsa. Wokonda sitima timamuyang'ana ngati wazungulira mutu.

Pali mfundo ina yomwe iye sanainene koma ine ndaiganizira kwambiri. Zinthu za panjanji zimatha mwakachetechete, ndipo zikatha sipakhala wozikumbuka ngati panalibe wozijambula. Mainjini a nthunzi anatha, otsala ndi monga ija inaima pabwalo la nyumba yosungiramo zinthu zakale pa Chichiri, ana asukulu n'kumajambulitsa pambali pake. Madzi osefukira atakokolola njanji pa Chiromo mu 1997, sitima zinaleka kufika ku Bangula ndi Nsanje, ndipo masiteshoni a kumeneko anamera thengo. Malawi Railways yomwe makolo athu ankaidziwa inapita m'manja mwa Central East African Railways mu 1999. Zithunzi zambiri zakale za njanji yathu zomwe timaziona m'mabuku anajambula ndi azungu, ndipo anajambula zomwe zinkawasangalatsa iwowo: injini, mlatho, bwanamkubwa akutsika. Mayi wogulitsa nthochi pawindo la bogi, kapena mnyamata wonyamula sutikesi ya chitsulo akuchokera ku Salisbury, saonekamo kawirikawiri. Lero pafupifupi mphunzitsi aliyense ali ndi kamera m'thumba. Ngati sitijambula tokha, adzatijambulirenso ndani? Ndipo kuti Amalawi sitima imawakhudza, tinaona mu 2024 pomwe sitima ya mafuta inafika ku Lilongwe patatha zaka zoposa 20 mafuta asakufikako panjanji: Pulezidenti Chakwera anapita kukailandira, ndipo mafoni anali m'mwamba ngati pa ukwati.

Nanga fanizo la nkhokwe ya mwini lija? Limaluma, koma ndikuganiza kuti likhoza kutembenuzidwa. Munthu amene sanaonepo nkhokwe sadziwa n'komwe choti apemphe. Wa ku Jenda ataima pa Liwonde n'kuona sitima imodzi ikukoka katundu yemwe akanafuna mathiraki ochuluka zedi, amayamba kumvetsa chifukwa chake M1 imakumbika chaka ndi chaka, ndiponso chifukwa chake thumba la simenti limafika ku Mzimba litakwera mtengo. Wandale akadzabweranso ndi lonjezo la njanji ya kumpoto, munthu wotere adzafunsa mafunso ena: idzera pati, ikalumikiza kuti, idzanyamula chiyani choti ibweze ndalama zake? Mafunso amenewa ndi ovuta, chifukwa njanji imafuna katundu wolemera woyenda chaka chonse, ndipo tomato yekha sangaidyetse. Koma kuli bwino kukangana ndi munthu woti anaiona.

Kumbali yanga, ndikuti mng'ono wanga apite, koma pa nkhani ya galimoto asibweni ananena zoona. Kubwereka galimoto, kuithira mafuta a makilomita 1,000, kuti ukaime m'mbali mwa njanji n'kujambula malasha a eni akudutsa, ndiko kutengera chizolowezi cha kunja osachisintha kanthu. Ndinamuuza kuti akwere basi mpaka ku Balaka, afunse pasiteshoni tsiku lomwe sitima ya anthu ikuyenda, poti imayenda masiku owerengeka ndipo ndandanda wake umasinthasintha, agule tikiti, aikwere kupita ku Nayuchi. M'menemo ndimo muli zojambula: matumba a chimanga, madengu a nsomba zouma, njinga, nkhuku, azimayi othamanga ndi malichero sitima ikangoima. Za malasha adzaziona ali m'njira, chifukwa zimadzera njanji yomweyo. Ayambe wadziwonetsa kwa akuluakulu a pasiteshoni ndi kwa mlonda, chitupa chake cha uphunzitsi chili m'manja, ndipo asaloze kamera pankhope ya mayi wa geni asanapemphe. Safunsa anadya phula.

Iye sanavomere zonse, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Anati uli m'sitima sungaijambule sitimayo. Chithunzi chomwe akuchilota ndi cha sitima yonse ikuoloka Shire pa Liwonde dzuwa likungotuluka, fumbi ndi utsi wa moto wa m'tchire zisanaphimbe mapiri, ndipo kuti upeze chotere uyenera kufika pamalopo kusanache, kudikira, ikakuphonya n'kuthamangira pena. Ankafunanso kubwerera kudzera msewu wa kunyanja, wa Golomoti, Chipoka ndi Salima, womwe umayenda moyandikana ndi njanji yakale ya 1935, kuti aziima pasiteshoni iliyonse. Basi siingakudikire ukujambula chikwangwani cha siteshoni. Pamenepo ndinalibe choyankha, kupatula kumukumbutsa kuti pa Liwonde kabaza ndi wosasowa.

Titaika maliro masana ake, anthu akubalalika, asibweni anamuitanira mng'ono wanga kunyumba kwawo. Ine ndinatsatira. Anakoka sutikesi yachitsulo pansi pa bedi, ya utoto wobiriwira wosupukasupuka, yomwe anabwera nayo kuchokera ku Joni. Pansi pa majekete ndi mapepala a chipatala panali kachithunzi kakang'ono kofiirira: anyamata atatu ovala zipewa ndi mabuluku otambalala kumiyendo, ataima papulatifomu, kumbuyo kwawo kukuoneka theka la bogi. Analoza wapakati kuti ndi iwowo, wakumanzere ndi wa ku Khosolo uja anathawa sitima, wakumanja anamwalirira komweko. Mng'ono wanga anachijambula ndi foni kawiri, dzanja likunjenjemera pang'ono.

"Ukapita," anatero asibweni akutseka sutikesi, "ukanditsukitsire chimodzi papepala, za m'foni mwakozo maso anga saona. Ya anthu, osati ya malashayo. Ndipo ukaone ngati mipando yake ikadali ya matabwa."